Za Manda a Munthu Amene Sanabadwe

Pali mlandu wina umene anthu a ku America ndi a maiko ena akhala alikukangana nao kuyambira caka ca 1994, ndipo kufikira lero sunathe. Mlanduwo uli wa manda. Koma mwini mandawo sanakhalepo ndi moyo pansi pano. Ali munthu wa m'nthano, dzina lace James T. Kirk, ndipo monga mwa nthanoyo tsiku lace lakubadwa likali m'tsogolo, zisanapite zaka zoposa 200. Kapena wina wa inu owerenga adzaseka, nadzati, Ha! anthu okhuta awa, asowa cocita kodi, kuti alimbane pa mtembo wopanda mnofu? Tisafulumire kuseka. Manda a ngwazi ya m'nthano ndiwo mau otsiriza a wopeka nthano pa munthu wace. Pamenepo ndi pamene aonetsa poyera cimene anamuyesa munthuyo masiku onse. Cifukwa cace tikhale pansi, tiumve mlandu uwu bwino lomwe, monga acita akuru pabwalo.

Tiyambe tamdziwa mwini maliro. Nthano ya Star Trek inayamba kuoneka pa wailesi ya kanema ku America pa 8 September 1966. Anaipeka Gene Roddenberry, amene kale anali woyendetsa ndege, ndipo pambuyo pace anagwira nchito ya polisi ku Los Angeles. Nthano za mtundu uwu siziri ngati za kalulu ndi fisi, zonena za kale lomwe. Izi zinena za masiku akudza, ndi kulingalira zimene nzeru za anthu zidzapanga. Kirk ndiye mkuru wa combo cochedwa Enterprise, cosayenda pamadzi koma pakati pa nyenyezi, conyamula anthu oposa 400, cotumidwa ulendo wa zaka zisanu kukazonda maiko osadziwika. Amene anasewera Kirk ndiye William Shatner wa ku Canada. Pambali pace panaima abwenzi awiri: Spock, amene atate wace anali wa dziko la Vulcan, munthu womanga mtima wace ndi cingwe ca nzeru, ndi sing'anga McCoy, wa pakamwa pakuthwa ndi mtima wofewa. Zigawo za nthanoyo zinafika 79 pomwe inalekeza mu 1969, ndipo kuyambira 1979 anthu omwewo anaonekanso m'makanema akuru.

Imfa ya Kirk iri m'kanema wa caka ca 1994 wochedwa Star Trek Generations, ndipo inacitika motere. Atakalamba ndi kupuma nchito, anamuitana akaone combo catsopano pa ulendo wace woyamba. Combo cija cinagwa m'ngozi. Iye anatsikira m'munsi kukacipulumutsa, mbali ija ya combo inang'ambika, ndipo onse anamuyesa wakufa. Koma sanafe ai. Anakodwa m'malo ena ochedwa Nexus, m'mene nyengo siyenda, ndipo munthu ali yense alandira cimene mtima wace ukhumba. Zitapita zaka 78 kunali munthu wanzeru dzina lace Soran, amene analawako kukoma kwa malo aja, nafuna kubwererako zibvute zitani. Ndipo njira yace inali kuononga dzuwa lina lochedwa Veridian, cinkana pa dziko limodzi lozungulira dzuwalo, ndilo Veridian IV, panali anthu mamiliyoni 230 amene akadatha psiti. Picard, mkuru wa Enterprise wa mbadwo uja, analephera kumletsa yekha, napeza Kirk m'Nexus muja, nampempha amthandize. Anafika pamodzi pa dziko lopanda anthu la Veridian III, namgonjetsa Soran. Koma ulalo wa citsulo umene Kirk anakwerapo unaduka, nugwa naye pathanthwe. Picard anamkwirira ndi miyala pamwamba pa phiri, naika pamiyalapo cizindikiro cace ca pa cifuwa, naima cete kanthawi. Maliro onse ndi omwewo.

Eni kanema anayamba ajambula imfa yina, m'mene Soran anamuombera Kirk kumsana. Anthu owerengeka amene anawaonetsa poyamba sanakondwe nayo, ndipo anabwerera ku cipululu ca Valley of Fire, ku Nevada, kukajambulanso. Imfa anaikonza, koma madandaulo a manda sanathe. Okonda nthanoyo akhala alikuti, Kodi munthu wotere, amene anapulumutsa dziko lathu kangapo konse, amuunjikire miyala kuthengo ngati garu?

Mau oyamba pa mlanduwu ndi a iwo amene ati, Mtengeni, mukamuike kwao. M'kanema wa caka ca 1986 Kirk anena yekha kuti kwao ndi ku Iowa, dziko la alimi a cimanga pakati pa America. Ndipo kumeneko kuli mudzi waung'ono wa anthu ngati 1,000, dzina lace Riverside, umene mu 1985 akuru ace anapangana kuti mudzi wao ndiwo m'mene Kirk adzabadwira. Anauza Roddenberry, ndipo iye sanakane. Anaimika mwala wolembapo tsiku lakubadwa, 22 March 2228, nayamba kucita phwando la caka ndi caka lokoka alendo. (Tsiku la 22 March ndilo tsiku limene Shatner mwini anabadwa, mu 1931.) Tsono ati, mudzi umene unampatsa pobadwira umpatsenso pogona.

Mau awa alowa msanga m'makutu athu, pakuti ife tonse tinaleredwa nao. Pakati pa Acewa mkamwini akafera kwa mkazi wace, kawiri kawiri abale ace adza kudzanyamula mtembo, akauike pa manda a mbumba yace; ndipo a kwathu okhala ku Johannesburg asonkherana ndalama zambiri kuti mnzao asagone m'nthaka ya eni. Ngakhale Yosefe ku Aigupto analumbiritsa abale ace za mafupa ace. Kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Koma tifunse, cimene cicititsa mudzi kukhala kwao kwa munthu nciani? Si dothi lokha ai, koma anthu amene adzalambula manda, nadzauza ana kuti apa pagona uje. Nanga Kirk ali ndi yani ku Iowa? Mbale wace Sam anafera kutali, pa dziko la Deneva, m'cigawo ca caka ca 1967. Mwana wace David anaphedwa ndi adani m'kanema wa 1984. Ndipo pa tsiku la imfa yace panali patapita zaka 78 cisowere iye. A msinkhu wace a m'mudzi anatha kale. Mbumba yace yeni yeni inali anthu a m'combo.

Palinso cina coposa apa, cimene kanema mwini aonetsa, ndipo ambiri aciiwala. Mu Nexus muja Kirk anapatsidwa zonse za munthu wobwerera kumudzi: nyumba yace, garu wace amene anafa kale, nkhuni zowaza, akavalo, ndi mkazi amene anamsiya kale cifukwa ca nchito. Analumpha ndi kavalo pa cigwembe cimene kale cinali kumuopsa, napeza kuti mantha palibe. Pomwepo anazindikira kuti zonsezi nzacabe, pakuti m'malo opanda ngozi munthu sangathe kuthandiza munthu mnzace. Anaturuka ndi miyendo yace. Tsono munthu amene anakana mpumulo wa kumudzi ali maso, kodi timkokere komweko atatseka maso? Kukamuika pakati pa minda ya cimanga ndiko kunena kuti ulendo wace wonse unali kusocera cabe, ndi kuti tsopano wabwera monga mchona wolapa. Nthano sinanene comweco.

Mau aciwiri ndi a iwo amene ati, Mponyeni pakati pa nyenyezi, pakuti ndiko anakhala. Awa atengera mwambo wa amalinyero, amene mnzao akafa pakati pa nyanja amtsitsira m'madzi. Ndipo ali ndi citsanzo cabwino m'nthano yomweyi. M'kanema wa caka ca 1982, The Wrath of Khan, Spock analowa m'cipinda ca moto wakupha kuti akonze makina ndi kupulumutsa combo, nafa. Anamuika m'bokosi, anthu a m'combo anaima m'mizere, Kirk ananena mau a maliro mpaka liu lace linaduka pakhosi, Scott anaomba zitoliro za kwao ku Scotland nyimbo ya Amazing Grace, ndipo bokosi linaponyedwa kunja, likagwe pa dziko latsopano la Genesis. Anthu ambiri ayesa maliro amenewo kuti ndiwo malo okoma koposa m'makanema onse a Star Trek, ndipo ine ndibvomerezana nao.

Komatu mau awa aciwiri sali a nthano yokha tsopano, ndipo apa ndi pamene mlandu wathu ukhudza anthu amoyo. Mu 1997 phulusa pang'ono la Roddenberry linakwezedwa kumwamba m'kabotolo. Phulusa lina la Eugene Shoemaker, wophunzira za miyala ya kumwamba, linaikidwa m'kacombo kochedwa Lunar Prospector, kamene kanagwetsedwa dala pa mwezi pa 31 July 1999. Pa 8 January 2024 kunanyamuka combo cina ca ku America cotenga phulusa la Roddenberry, la James Doohan amene anasewera Scott, ndi la Nichelle Nichols, kunka nalo kutali. Ndipo pamodzi naco panali kacombo ka Peregrine, kotenga phulusa la anthu ena kukalitula pa mwezi. A mtundu wa Navajo, eni dziko akale a ku America, anakana kolimba mwa mtsogoleri wao Buu Nygren, nati mwezi uli wopatulika kwa iwo, suyenera kusanduka manda. Anali atadandaula kale comweco pa za Shoemaker. Sanawamvere, koma kacombo kaja kanadontha mafuta, sikanafike, ndipo pa 18 January kanapsa m'mlengalenga pamwamba pa nyanja ya Pacific. Tionapo kuti thambo siliri thengo lopanda mwini, m'mene ali yense wa ndalama akhoza kutayamo akufa ace. Mwezi umodzi womwewo uwalira mitundu yonse, ndipo amene afuna kuikapo manda ayenera kuyamba wafunsa.

Tiwonjezepo umboni wa munthu amene sitingamnenere kuti sadziwa Kirk. Pa 13 October 2021 Shatner, ali wa zaka 90, anakwera ndithu m'combo ca Blue Origin kwa mphindi ngati khumi. Atatsika anasimba kuti poyang'ana mdima wa kumwamba sanaone cokondweretsa, koma imfa. Ndi kuti moyo wonse unali pansi, pa dziko limene anacokako, ndipo anagwidwa ndi cisoni cacikuru. Manda oyandama mumdima wotere palibe angaimepo. Wolira alibe poyang'ana, ndipo mlendo wa m'tsogolo alibe popunthwa kuti afunse, Pagona yani apa?

Za iwo amene afuna ciliza cacikuru ku San Francisco, kumene nthano iika likuru la gulu la Kirk, sindidzacurukitsa mau. Akuru a kumeneko ndiwo amene Kirk sanawamvere, nawabera combo kuti akapulumutse Spock, ndipo iwo anamtsitsa pa udindo. Iye anakondwa nako kutsitsidwako, pakuti kunamcotsa pa mpando wa m'ofesi ndi kumbwezera combo. Ciliza cotere cikadalemekeza akuruwo koposa iye.

Tsono titani naye munthu wa paulendo? Funso ili si lacilendo kwa ife, pakuti linayankhidwa kale m'dziko lino la Afrika. David Livingstone anafa pa 1 May 1873 pa mudzi wa mfumu Chitambo, m'dziko limene lero lichedwa Zambia. Anyamata ace, otsogoleredwa ndi Susi ndi Chuma, anakwirira mtima wace patsinde pa mtengo, Jacob Wainwright nalemba dzina pa khungwa. Ndipo thupi analiumitsa, nalinyamula miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo. Linaikidwa ku Westminster Abbey, ku London, pa 18 April 1874. Munthu mmodzi, manda awiri. A ku London asimba ulemu umene mtundu wace unampatsa. Koma a kwa Chitambo asimba za munthu mwini, pakuti aonetsa pamene miyendo yace inalekezera. Manda a wapaulendo akhala ndi mau pamene ali pa mapeto a njira yace.

Cifukwa cace ine ndiweruza kuti mulu wa miyala wa pa Veridian III ndiwo manda oyenera, ndipo palibe cifukwa cakucita nao manyazi. Talingalirani pamene ali. Dzuwa limene liwalira miyala ija ndi lomwelo limene Kirk analiletsa kuzima. Pafupi pomwepo, monga ayesera kutalika kwa maiko a kumwamba, pali anthu mamiliyoni 230 amene adzuka m'mawa, nalima, nakwatitsa ana ao, osadziwa kuti tsiku lina anatsala pang'ono kutha. Sadziwa dzina lace, ndipo sangauzidwe, pakuti lamulo lalikuru la gulu la Kirk liletsa kudzionetsa kwa anthu amene sanaphunzire kuyenda pakati pa nyenyezi. Munthu amene mbiri yace inamveka m'maiko ambiri anacita nchito yace yotsiriza popanda woyamika, cifukwa ca alendo amene sanawaone nkhope. Ku Iowa akadagona monga mwana wa mudzi. Ku San Francisco monga mtumiki wa boma. Koma paphiri paja agona pambali pa cimene anacigula ndi moyo wace. Ndiponso m'kanema wa 1989, ali kuotha moto ndi abwenzi ace awiri, iye anawauza kuti adziwa kuti adzafa ali yekha. Opeka nthano anasunga mau amenewo.

Wolemba wina wa nthano za mtundu womwewu anaidziwa njira iyi kale. Robert Heinlein, m'nthano yace yaifupi yochedwa Requiem, ya caka ca 1940, asimba za nkhalamba Harriman, amene anatha cuma cace ndi moyo wace kutsegulira anthu njira ya ku mwezi, koma iye mwini analetsedwa kupitako cifukwa ca kufoka kwa mtima wace. Analemba ganyu amuna awiri osauka amtengere mobisa. Anafika, anakhala pansi pa pfumbi la mwezi, nafa wokondwa. Anamsiya pomwepo, ndi kapepala kobayidwa ndi mpeni pansi, kolembapo mau a pa manda a Robert Louis Stevenson ku Samoa. Palibe wowerenga adandaula kuti Harriman anasowa ciliza.

Nanga bwanji anthu alira ndi Harriman, alira ndi Spock, koma pa Kirk angokwiya? Apa ndi pamene pali colakwa ceni ceni ca kanema wa 1994, ndipo okangana za malo acilambalala. Colakwa siciri pa malo. Ciri pa olira. Ife tidziwa kuti maliro si dzenje. Uthenga uyamba wapita kwa abale, anthu agona pasiwa, adzukulu akumba, wa kubanja anena mau, ndipo pambuyo pace pali kumeta. Manda a Spock anali bokosi loponyedwa mumdima, oipa koposa a Kirk. Koma panali anthu ace, ndipo wopenya analira pamodzi nao. Kirk anaikidwa ndi munthu amene anadziwana naye tsiku limodzi lokha. Picard anacita zonse zimene mlendo wabwino akhoza kucita, ndipo manja ace amene ananyamula miyala sitingawanyoze. Koma mlendo sangalire maliro a mwini. Atacoka paphiri paja, kanema afulumira kunka ku mabwinja a combo cace ca Picard, kumene wina alikufuna mphaka wace, ndi wina buku lace la zithunzi. Palibe amene auza anthu a m'combo kuti munthu uja wa m'mabuku ao a sukulu wagona paphiri apo.

Ndipo si kuti olira anasowa m'nthanomo. Monga mwa zigawo za Star Trek zimene zinaoneka mu 1991 ndi 1992, Spock ndi Scott anali akali ndi moyo pa nyengo ija, ndipo Picard anaonana nao onse awiri maso ndi maso. Anadziwa kotumiza uthenga. Tingawonjeze kuti anthu a ku Veridian IV saoneka konse m'kanemayo, ngakhale mwana mmodzi wotunga madzi. Ali ciwerengero cabe cochulidwa pakamwa. Wopenya sangamve kulemera kwa nsembe pamene sanaone omwe anaomboledwa. Mphindi zitatu zokha zikadakwanira kukonza zonsezi.

Zimene zinatsata pambuyo zinaipitsa mlandu m'malo mwa kuukonza. Mu 1996 Shatner, pamodzi ndi Judith ndi Garfield Reeves-Stevens, anaturutsa buku lochedwa The Return. Liyamba bwino ndithu, pakuti lifikitsa Spock pa mulu wa miyala uja, cimene kanema anacimana. Koma posacedwa adani aba mtembo naukitsa Kirk ndi makina ao, kuti nthano ipitirire ndi mabuku agulidwe. Ndipo mu 2023, m'cigawo cina ca Star Trek: Picard, anaonetsa kuti mtembo wa Kirk usungidwa m'nkhokwe yobisika ya boma yochedwa Daystrom, pamodzi ndi zida zoopsa ndi zinthu zina zodabwitsa. Anacionetsa mothamanga, ngati kanthu kokondweretsa openyetsetsa. Kwathu kuno wofukula manda tidziwa dzina limene timpatsa. Mwa malo onse amene anthu anachula pa mlandu uwu, nkhokwe imeneyo ndiyo yokha yosayenera ndi pang'ono pomwe, pakuti isandutsa munthu kukhala katundu wosungira tsiku limene eni nthano adzamfunanso.

Eni nthano akafuna, akhoza kubweza mafupa aja paphiri ndi colembera cokha. Pamenepo palibe cobvuta. Cimene sangathe kubweza ndi olira. Leonard Nimoy, amene anasewera Spock, anapemphedwa kuoneka m'kanema wa 1994, nakana, poona kuti mau amene anamlembera anali opanda pace. DeForest Kelley, amene anasewera McCoy, sanaonekemonso. Kelley anamwalira mu 1999, Doohan mu 2005, Nimoy mu 2015, ndi Nichols mu 2022.